Mbereko Yathu Kuseri kwa Galasi

Kwathu kunali nsalu imodzi imene sinkachapidwa ndi sopo, ndipo sinkayanikidwa pachingwe ngati zinzake. Amayi anga ankaisunga m'kasutikesi ka malata pansi pa bedi, atakulungiramo masamba a fodya kuti njenjete zisayandikire. Mukanaipeza itagwa pamsewu simukanawerama kuti muitole. Inali yokhuthala, yokhakhala ngati chiguduli, yoyera kale koma itasanduka mtundu wa tiyi wamkaka, ndipo m'mbali mwake munali mizere iwiri yakuda. Anaiomba pamanja bambo awo a amayi, ndi thonje lolima okha, asanasamuke kwawo ku Mozambique. Amayi anawoloka malire ali m'nsalu imeneyi, ali khanda kumsana kwa mayi awo.

Ntchito yake inali imodzi yokha. Mwana aliyense wobadwa m'banja mwathu, tsiku lotuluka m'chikuta mchombo utagwa, ankayamba waberekedwa m'nsalu imeneyi asanalowe mu ina iliyonse. Amayi ankamuponya kumsana, n'kuzungulira naye nyumba, akumulozera njira ya kudimba, ya kumtsinje ndi ya kutchalitchi, kenaka nsalu ija n'kubwerera m'sutikesi. Ine ndinalowamo. Mwana wanga woyamba, wamkazi, analowamo. Wachiwiri, wamwamuna, analowamo mpaka anaikodzera. Wachitatu ndiye sanaipeze.

Nthawi imeneyo, chapakatikati pa zaka za m'ma 1980, ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi mishoni, amuna anga ali kalaliki pa koleji. Tinkakhala m'nyumba ya sukulu, pamene amayi ankakhala kumudzi chakumunsi, komwe ankalima mpunga. Anali munthu wokonda alendo mopitirira muyeso, komanso, ndinene zoona, wokonda kutamidwa. Mukangowayamikira nkhuku yawo, mumanyamuka nayo.

Ndili ndi pakati pa mwana wachitatuyo, m'mudzi munabwera anthu awiri pa galimoto, akufunafuna zinthu zamakedzana, makamaka nsalu zoomba pamanja ndi chiwondo, nsalu ija ankasula ndi makungwa a mitengo. Makomo ena onse analibe choonetsa. Amayi anawaitana okha, n'kuwaphikira mpunga, n'kutulutsa sutikesi. Alendo aja anachita kugwira pakamwa. Anati ku Blantyre kuli nyumba yosungiramo nsalu zakale, ndipo zikanakhala bwino kuti ana asukulu ndi anthu ochokera kutali akaione. Amayi, mtima utakwera m'mwamba, anati, “Tengani, akaone anthu.” Alendowo ponyamuka anasiya zitenje ziwiri zatsopano za m'sitolo.

Kwathu kuno, ukabwereka mtondo wa mnzako umamusiyira kagaga kapena kaufa, ndipo palibe amene anganene kuti wagula mtondo ndi gaga. Amayi analandira zitenje zija chimodzimodzi, ngati zikomo wa munthu wobwereka. Sananene kuti mudzabweze, chifukwa kumuuza mlendo choncho ndi kumuyesa wakuba. Ndipo kwa iwo, munthu aliyense wobadwa kwa mayi ankadziwa kuti mbereko sigulitsidwa.

Nditamva, ndinalusa mpaka mwana anagunda m'mimba.

“Amayi, mwapereka bwanji nsalu ine ndili chonchi?”

“Ndinawauza kuti mwana wanga ndi woyembekezera. Ndi anthu aulemu aja, abweretsa nthawi yake isanakwane. Iwe vuto lako umayesa aliyense ndi mwana wa m'kalasi mwako.”

Mwana anabadwa, wamkazi. Mchombo unagwa. Amayi anandisunga m'chikuta masiku owonjezera, akungotuluka kukasuzumira kumsewu, mpaka ndinawauza kuti ine nditha kuola m'nyumbamo. Pamapeto pake anamutulutsa ndi chimodzi mwa zitenje zatsopano zija, chabuluu cha maluwa achikasu, n'kundipatsa kuti chikhale changa. Chinacho ankavala okha popita kutchalitchi.

Mwanayo anayamba bwino ndithu. Koma atangopitirira chaka, anayamba kutsegula m'mimba, kusiya, kuyambiranso. Thupi linkatentha. Kusikelo mzere wake unayamba kutsika m'malo mokwera. Tinapita naye kuchipatala kangapo, anamubaya majekeseni, anatipatsa madzi amchere ndi shuga, anatiuza za phala la nsinjiro ndi mazira, ndipo zonsezo ndinachita. Mwana yemwe anali atayamba kuimirira atagwira mpando anabwerera kukhala pansi, kenaka kugona. Kulira kwake kunasanduka kakung'ung'udza ngati ka mwana wa mphaka.

Tsiku lina amayi atamunyamula anati, “Mwanayu akufuna nsalu yake. Anzake onse analowamo, iyeyu tinamutulutsa ngati mwana wa eni.”

Ine ndinali mphunzitsi, wophunzitsa ana kuti matenda amabwera ndi ntchentche ndi madzi osawiritsa. Sindinkakhulupirira kuti chiguduli chingatseke m'mimba mwa mwana. Koma ndinali nditatopa, ndinali ndi mantha, ndipo munthu ukafika pamenepo chilichonse chimene sunayese chimayamba kuoneka ngati mankhwala. Amuna anga, munthu wofatsa wosakonda mikangano, anati tipite tonse Loweruka, titenge ndi ana akuluwo, anthu aziti tikukawaonetsa tauni. Sankafuna kuti a pa koleji amve zoti kalaliki ndi mphunzitsi akwera basi kulondola sanza.

Ana aja atamva, nyumba inachepa. Mtsikana, amene anali atangoyamba sukulu, anauza mzere wonse wa nyumba za aphunzitsi. Mnyamata anapukuta nsapato zake zapulasitiki ndi malovu. Amayi anabwera m'mamawa atavala chitenje chawo cha kutchalitchi pamwamba pa diresi, atasenza kamtolo ka mpunga wopuntha okha, wosankha bwino. Nditawafunsa kuti mpungawo ndi wa chiyani, anandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala.

“Ukatenge chinthu chako kwa anthu amene akusungira, upite chimanjamanja?”

Tinayenda pansi mpaka ku Songani, n'kukwera minibasi ya ku Zomba, kumeneko n'kupeza basi yaikulu. Amayi ndi amuna anga, pokhala apongozi, sakanakhala moyandikana, choncho wina anakhala kutsogolo wina kumbuyo kwenikweni, ana n'kumathamanga pakati kupereka mauthenga ndi nthochi. Mnyamata ankakuwa akaona thirakitala. Mtsikana ankawerenga mokweza zilembo zonse za pa magolosale, zolondola ndi zolakwika zomwe. Anthu m'basi ankaseka, mayi wina mpaka anati ndili ndi banja losangalala. Wamng'onoyo anali kumsana kwanga m'chitenje chabuluu chija, wopepuka moti nthawi ndi nthawi ndinkapisa dzanja kumbuyo kuti ndimve ngati akupuma.

Nyumba ya nsaluyo tinaipeza movutikira, chifukwa anthu ambiri amene tinawafunsa sankaidziwa. Inali yaing'ono, ya zipinda ziwiri, yozizira, yonunkha polishi ndi mankhwala a njenjete. Munalibe alendo ena. Pakhomo panakhala bambo wina wa yunifolomu ya khaki, woyang'anira nyumbayo, ndipo amayi atangomuona nkhope yawo inawala.

“Si inu munadya mpunga kwanga ku Domasi? Mwandiiwala?”

Analidi mmodzi mwa alendo awiri aja, wamng'ono pa udindo, amene ananyamula katundu. Anawakumbukira, n'kuseka, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Ine mtima unatsika pang'ono. Ndinati basi, zatheka.

Ana sanadikire malonje. M'chipinda choyamba munali ziwondo zofiirira, timitengo topotera thonje, ndi chida chachikulu chamitengo choombera nsalu, ulusi uli ndandanda. Pakona panaima zidole zazitali ngati anthu, zovekedwa nsalu zakale. Mnyamata wanga anafika pa chidole chachimuna, n'kugwada, n'kunena kuti, “Muli bwanji?” Ataona kuti sichikuyankha anabwereza mokweza. Bambo uja anaseka mpaka misozi, n'kuwapatsa aliyense kathonje, n'kumuonetsa mtsikana mmene amapotera ulusi pantchafu. Sindinawaonepo ana anga atakondwa ngati tsiku limenelo, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Amene anaipeza nsalu yathu ndi mtsikana, m'chipinda chachiwiri.

“Amayi! Ija ya anganga ija!”

Inali pakhoma, chapamwamba, atayitambasula pa thabwa n'kuibaya ndi timapini m'mbali, galasi lalikulu litaivindikira. Inali yosalala ngati asita, mmene ndinali ndisanaionepo. Mtsikana analoza kabanga kena chapakati n'kumuuza mlongo wake kuti apo ndi pamene anakodzera, iye n'kukana, n'kuyamba kukankhana.

Amayi anakhala pansi pa simenti, n'kutambasula miyendo, n'kuika kamtolo ka mpunga patsogolo pa bambo uja. Anaomba m'manja mwaulemu.

“Bambo, tathokoza potisungira bwino. Anthu aona, akhuta. Tsopano mwini wake waifuna, ndi uyu ali kumsanayu. Kampungaka mukaphikire ana.”

Bambo uja anasiya kuseka. Anayang'ana amuna anga, n'kuyang'ana ine, ngati akufuna wina amuthandize.

“Pepani agogo, sindikumva bwino. Nsalu zonse zili muno ndi za pano. Zina anthu anapereka ulere, zina tinagula. Yanuyi tinagula.”

“Munagula kwa yani?”

“Kwa inu, agogo. Zitenje ziwiri zija. Ndinatsitsa m'galimoto ndine.”

Amayi anayang'ana chitenje chimene anavala. Anachigwira ndi zala ziwiri, ngati munthu amene wapeza mbozi pa chovala.

“Ichi? Ichi sichinali zikomo?”

“Unali mtengo wake, agogo. Abwana anasankha zabwino kwambiri m'sitolo.”

“Iyayi. Ine sindinagulitse. Mbereko amagulitsa? Inu mayi anu anagulitsa yanu?”

Apa ine mutu unatentha. Ndinamasula mwana kumsana, n'kumupereka kwa bambo ake, n'kukutumula chitenje chabuluu chija n'kuchiponya pa tebulo. Amayi nawo anayamba kumasula chawo, n'kutsala ndi diresi lokha. Ndinati nazi zitenje zanu, ngati zatha tikagula zina zinayi, koma tipatseni nsalu. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera mphunzitsi. Bambo uja anangoima manja ali kumbuyo, osakhudza zitenjezo, akungoti pepani mayi, ine ndilibe mphamvu imeneyo.

Amuna anga ndi amene analankhula mofatsa.

“Achimwene, tiyeni tisiye za mwini wake. Sitipita nayo. Ingotsegulani galasilo, agogowa amubereke mwanayu, azungulire naye nyumba ino kamodzi, tibwezere pomwepo. Inu mukuona mmene alili.”

Bambo uja anamuyang'ana mwana koyamba. Anaona timanja tija, ndi khosi lolephera kunyamula mutu. Kenaka anatitengera pafupi ndi khoma n'kutionetsa kuti galasilo ndi lokhoma ndi loko kumbali, ndipo kiyi amayenda nayo abwana, amene anali atapita kumpoto kukafuna nsalu zina. Anati mwina abwera mwezi ukatha, mwina kupitirira.

“Komanso ndisakunamizeni,” anatero motsitsa mawu. “Ngakhale atabwera, sangalole. Nsaluyi anaithira mankhwala oopsa ophera tizilombo. Ife timaigwira titavala magolovesi. Singakhudze khungu la mwana.”

“Ine ndinkangoika fodya,” amayi anatero, osauza munthu aliyense. “Zaka zonsezi, fodya basi.”

Pafupi ndi chitseko panali kampando kamatabwa ka bambo uja. Ndinakayang'ana, n'kuyang'ana galasi, ndipo amuna anga anaona chimene ndinkaganiza, chifukwa anandigwira pamkono mwamphamvu. Masiku amenewo munthu wa pantchito sankaswa zinthu m'nyumba ngati imeneyo n'kubwerera kwawo kukagona. Ndipo ndikanaswa, ndikanatenga chiyani? Nsalu yapoizoni. Ndinangoima pamenepo, nsalu ili pafupi moti ndikanatha kuwerenga ulusi wake, ndipo ndinadziwa kuti tabwera pachabe.

Amayi anadzuka pansi paja. Anatola chitenje chabuluu pa tebulo, n'kutenga mwana m'manja mwanga, pakuti bambo ake anali atandibwezera, n'kumubereka. Anayenda chobwerera m'mbuyo mpaka kukhoma kuti msana wa mwana ugunde galasi, koma anali aafupi, nsalu inali pamwamba. Anayesa kunyanyamphira, osafika. Bambo uja anakatenga kampando kake kaja n'kukaika pansi pa galasi, n'kukagwirira miyendo. Ine ndinawagwira dzanja amayi pokwera.

Anatsamira. Kamsana ka mwana kanakhudza galasi, kuseri kwake kuli nsalu, mizere iwiri yakuda ija ili uku ndi uku. Galasilo linali lozizira, ndipo mwana anang'ung'udza. Amayi anayamba kunena mawu amene ankanena kwa aliyense wa ife.

“Wafika kwanu, mwanawe. Njira ya kudimba ndi iyi. Ya kumtsinje ndi iyi. Ya kutchalitchi ndi iyo. Usasochere.”

Ankaloza makoma. Kumene anati kudimba kunali chidole chija, kumene anati kumtsinje kunali zenera lotseka. Mnyamata wanga anayesa ndi masewera, n'kuyamba kudumphadumpha.

“Anganga, inenso! Mukatsika ndikwere ine!”

Amayi anatsika, n'kuzungulira chipindacho kamodzi ndi mwana kumsana, n'kutuluka panja osatsanzika. Chitenje chawo anachisiya pa tebulo pomwepo, mpunga pansi. Bambo uja anatithamangira nazo mpaka kumsewu. Amuna anga analandira chitenje. Mpunga amayi anaukana, osatembenuka n'komwe.

“Ndi wanu umenewo. Mukutisungira.”

Pobwerera ana anaimba njira yonse, aliyense atafumbata kathonje kake. Mtsikana anapota kaulusi kokhotakhota n'kukamanga pa dzanja la mng'ono wake ngati chibangili. Amayi anakhala kumbuyo kwa basi ndi diresi lokha, chinthu chimene sanachitepo pagulu chibadwire, akuyang'ana panja. Titatsika ku Songani anandiuza kuti mwana akuoneka kuti wapepukidwa, eti? Ndinati eya, ngakhale kuti thupi lake linkandiotcha kumsana ngati mbaula.

Mwanayo anamwalira mpunga usanache m'madimba, abwana a kiyi aja asanabwere n'komwe kuchokera kumpoto. Tinali titapitanso naye kuchipatala, ndipo achipatala anayesetsa. Tinamukulunga m'chitenje chabuluu cha maluwa achikasu, chifukwa ndi chokhacho chimene ankachidziwa fungo. Kaulusi kaja kanali kadakali pa dzanja, ndipo sindinalole kuti akadule.

Sindikhulupirira kuti nsalu ija ikanamupulumutsa. Ndinanena zimenezi kwa amayi nthawi zambiri, mwaukali ndi mofatsa momwe, koma sizinkawafika. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sanavomere ngakhale tsiku limodzi kuti nsaluyo inagulidwa. Aliyense wobwera kudzapepesa maliro ankamuuza kuti mbereko yathu ili ku Blantyre, anthu ena anabwereka, achedwa nayo chabe. Ndinkafuna kuwagwedeza kuti adzuke. Panapita nthawi ndisanamvetse kuti sakanatha kuvomera. Akanati anagulitsa nsalu, kwa iwo kukanakhala kunena kuti anagulitsa mdzukulu wawo ndi zitenje ziwiri, ndipo palibe munthu angadzuke m'mawa kukalima atasenza zimenezo. Nditazindikira ndinasiya kuwatsutsa, koma mtima sunapepuke.

Ana akuluwo kwa zaka ndithu ankandifunsa kuti tidzapitanso liti ku nyumba ya zidole ija, kuja anganga anakwera pampando. Kwa iwo linali tsiku lokoma kuposa Khirisimasi. Ndinkangoti tidzapita, ndipo sitinapitenso.

Amayi anasiya kuitana alendo. Koma chaka chilichonse fodya akauma, ankapempha masamba angapo kwa a pafupi, n'kutulutsa kasutikesi kaja, n'kutaya masamba akale, n'kuyalamo atsopano. Tsiku lina ndinawapeza akuchita zimenezi pakhonde, atakalamba kale, maso akuvuta. Ndinawafunsa kuti akuvutikiranji ndi sutikesi yopanda kanthu. Pamsewu panamveka galimoto ikuchepetsa liwiro, ndipo anatukula mutu n'kutchera khutu mpaka inapitirira.

“Akadzabweza aipeze malo ake ali bwino,” anatero. “Pali mwana mmodzi sanalowemo.”